Kodi Moni Amathera Pati? Kuchokera kwa Mlonyeni Kukafika ku Area 23

Mlongo wanga wamng'ono, amene amagulitsa kaunjika ku Lilongwe, anatumiza mawu kumudzi kuti wapeza banja. Akuchimuna kwawo ndi ku Mulanje, ife kwathu ndi kwa Mlonyeni ku Mchinji, ndiye mbali zonse ziwiri zinagwirizana kuti chinkhoswe chikachitikire pakati, ku Area 23 kumene iye amachita lendi. Nkhani yotere siyenda popanda mwini mbumba. Udindo unagwera amalume, a Mbewe, munthu wa zaka zoposa 70, ndipo abale anasankha ine kuti ndiwaperekeze. Lilongwe amene amalume ankamudziwa ndi wa masiku amene ankaperekeza mabelo a fodya ku okushoni ku Kanengo. Chisiyireni fodya, ulendo wawo wautali unali wa ku Chipata basi.

Tinanyamuka m'mamawa m'nyengo yachisanu, anthu atatha kukumba mtedza. Tinasenza thumba la ufa woyera, ndowa ya mtedza wosenda ndi msoti wokasinthanitsa ndi tambala wa akuchimuna, miyendo yake yomanga ndi luzi. Kuchoka pakhomo kukafika pamtengo pamene pamaima njinga za kabaza ndi pafupi, koma dzuwa linatuluka tisanafike. Pakhomo lililonse panali woti tiime naye.

"Wawa a Mbewe! Ulendo wa kuti m'mawa uno, nkhuku kukhwapa?"

"Wa ku Lilongwe, apongozi. Kamtsikana kathu kaja kapeza banja."

"Ha! Zokoma zimenezo. Nanga mwendo uja wagona bwanji?"

"Ukuyesako. Kaya kunyumbaku, adzukulu anga adzuka?"

Mayi wina amene ankasesa anaika tsache pansi nagwada kaye asanalankhule. Wina anathamangira m'nyumba nakatenga kajumbo ka mfutso kuti tikapatse mwana wake wa ku Chinsapo. Amalume analandira osafunsa n'komwe kuti Chinsapo ili mbali iti ya mzinda.

Moni wotereyu ndi wa anthu amene moyo wawo unalukanalukana. Amene akukufunsa za mwendo ndi yemwe adzakubwereke ngolo pokolola, ndi yemwe adzakhale pabwalo mlandu wako wa malire a munda ukamakambidwa, ndiponso ndi yemwe adzagwire khasu kumanda tsiku lako likakwana. Kumudutsa osalankhula ndi kulengeza kuti pali chidani. Ngakhale mlendo weniweni sakhala mlendo nthawi yaitali kwathu. Amamuyalira mphasa, amamupatsa madzi, kenaka malonje: mwachokera kuti, mfumu yanu ndani, mfunda wanu ndani. Pomatha mafunsowo amakhala atapezeka kuti ndi msuweni wa uje. Ife a m'malire timazidziwa bwino zimenezi, chifukwa Angoni a kwa Mlonyeni ndi a kwa Mpezeni ku Zambia ndi anthu amodzi amene malire a atsamunda anawadula pakati. Mu February anthu amawoloka kukavina ingoma pa Ncwala ku Mtenguleni, ndipo mu August Achewa amakakhala nawo pa Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi. Munthu wa tsidya linalo akangotchula mudzi wake, womudziwa sasowa.

Mnyamata wa njinga yamoto amene anatenga amalume anali mwana wa mnzawo wa kutchalitchi. Anatchula mtengo, amalume anadandaula, iye anati aperekeko zomwe ali nazo, yotsalayo adzapereka pobwera. Ngongole yotero siifuna kope, pakuti wokongola ndi wokongoza adzaonana Lamulungu.

Pa boma la Mchinji, limene azigogo athu ankalitcha Fort Manning, zinthu zinayamba kuthamanga. Oitanira anatikhamukira, wina wagwira thumba, wina ndowa, onse akufuula kuti "Tauni! Tauni!" Komabe munali mukadali kwathu. Amalume atakhazikika pampando, nkhuku pamiyendo, anatembenuka naomba m'manja pang'ono.

"Wawa nonse m'galimoto muno. Mwadzuka bwanji?"

Galimoto yonse inayankha. Tisanafike pa Kamwendo, pamene msewu wa ku Kasungu umapatukira, tinali titadziwa kale kuti bambo wa kumbuyo akukagula zitsulo za chigayo chake, ndi kuti mayi amene anakhala pambali panga akukaona mwana wake wodwala. Mayiyo anamasula kansalu natigawira mbatata yophika ikadali yofunda. Nkhani inali ya mtengo wa soya, ya masikelo a mavenda, ndi ya mtengo wa minibasi umene, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sunabwererenso pansi. Kondakitala naye analowerera, nati ife okwera tikulira koma sitinaone mzere wa pa filing'i sitesheni. Anthu anaseka, ndalama n'kupereka.

Pa Waliranji mawindo anadzaza ndi manja: mazira owiritsa, chimanga chootcha, zitumbuwa, nthochi, anyezi ndi mbatatesi. M'mbali mwa msewu anyamata ankakweza mipani ya mbewa galimoto ikamadutsa. Pa Namitete, pamene pali njira yolowera ku chipatala cha St Gabriel, mayi wa mbatata uja anatsika, ndipo mawu anamveka kuchokera kumipando yonse akuti, "Mukawapeze bwino odwalawo, mayi." Anthu amene tinakumana m'mawa womwewo tinatsanzikana ngati a mudzi umodzi.

Kusintha kunayambira pa Msundwe. Okwera atsopano anali anthu amene msewuwu amauyenda tsiku lililonse: anyamata a madengu a tomato, mayi wa mabuku a kuofesi, mtsikana wa mahedifoni m'makutu. Kunjako njinga zosenza makala ndi nkhuni zinali zitandandalika, zonse kuloza kumzinda. Amalume sanasiye mwambo wawo. Aliyense wolowa ankamupatsa moni wathunthu. Wa pa Msundwe anayankha kuti "Tadzuka, madala," osabweza funso. Wa pa Mpingu anangoti "Bho." Pa Chitedze ndinawalozera amalume malo a kafukufuku wa zaulimi kumene kunachokera mtedza wa CG7 umene amalima chaka ndi chaka, ndipo anakondwa nafuna kumuuza mnyamata amene anakhala nawo pafupi. Mnyamatayo anagwedeza mutu maso ali pa foni. Kuyambira pa Njewa mipanda ya njerwa inayamba, ina yaitali kuposa munthu, pamwamba pake waya kapena mabotolo oswa. M'galimoto munangotsala mawu a kondakitala otchula masiteji.

Ndinaona amalume akuyang'ana uku ndi uku kufuna chizindikiro chimene angachikumbukire. Sanachipeze, ndipo n'zosadabwitsa. Pa kalembera wa 1966 Lilongwe anali ndi anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko linasamukirako kuchokera ku Zomba mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 mzindawu unapezeka ndi anthu 989,318. Boma lonse la Mchinji, kuphatikiza mafumu ake onse, linali ndi anthu 602,305. Ndiye kuti pa moyo wa munthu mmodzi ngati amalume, tauni yaing'ono yasanduka mzinda wa anthu ochuluka kuposa boma lathu lonse, ndipo ochuluka mwa akuluakulu ake anabadwira kwina. Aliyense anabwera ndi mfumu yake, chilankhulo chake ndi manda a kwawo. Ngakhale malo amatchulidwa mosiyana. Kwathu mudzi umadziwika ndi dzina la munthu, ukati kwa uje ndiye kuti watchula mwini wake ndi mbumba yake. Ku Lilongwe madera ambiri ndi manambala, ndipo manambalawo sayenda motsatana: Area 24 ili kum'mwera, Area 25 kutali kumpoto. Mlendo sangawalondole ndi nzeru za kumudzi, ayenera kufunsa basi.

Tinadutsa pa Crossroads, tinatsetsereka kuwoloka mtsinje wa Lilongwe, n'kufika mu depoti dzuwa lili pamutu. Amene anafikako amadziwa mmene mumakhalira: mahutala, utsi, fungo la tchipisi cha pachiwaya, mawilibala odutsa pakati pa miyendo ya anthu, wolalikira mbali iyi, wogulitsa mankhwala a makoswe mbali inayo. Foni ya mlongo wanga sinkapezeka. Ine ndinatsala ndikulondera katundu, amalume anati akafunse kumene kumakwererwa minibasi za ku Area 23. Safunsa anadya phula.

Anasankha bambo wina wovala bwino, wa tayi, amene ankabwera chakutsogolo kwawo. Anavula chipewa, nawerama pang'ono.

"Wawa bambo. Mwaswera bwanji?"

Bamboyo anawayang'ana kamodzi, dzanja lake linapita pathumba pamene panali foni, napatuka osachepetsa liwiro. Amalume anayesa mtsikana wina. Mtsikanayo anapukusa mutu asanamve n'komwe funso. Wachitatu anayankha akuyenda kuti "Ndilibe, madala," poganiza kuti akupemphedwa ndalama.

Amalume anabwerera pamene ndinaima, chipewa chikadali m'manja. Munthu amene kwathu akaimirira pabwalo anthu amakhala chete, apa anaoneka wochepa. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mphwanga, ndawalakwira chiyani anthuwa? Kapena ndikuoneka ngati wamisala?" Mtima unandipweteka, ndipo pa nthawiyo ndinawakwiyira anthu onse a mumzindawo.

Pafupi nafe panali mayi wogulitsa nthochi ndi mtedza wokazinga, atakhala pa kreti. Zonse anaziona. Sanamwetulire, sanatipatse moni. Anangoti, "Agogo, khalani apa," nasuntha kreti ina ndi phazi. Amalume atakhala, iye anapitiriza uku akupatsa wina chenji.

"Kuno musamayambe ndi moni wautali. Muzingoti, Area 23 ndikwerere pati? Akuyankhani. Munthu akakuimika ndi mwaswera bwanji, kunyumba ali bwanji, timadziwa kuti akufuna kanthu. Ena amabwera ngati akukudziwa, akuti munaphunzira limodzi, mnzake ali kumbuyo akupisa m'chikwama. Ena amagwetsa mpukutu wa ndalama patsogolo pako kuti mukagawane kuseri, kukafika kuseriko akulanda zako zomwe. Ena akuti ndikupempherereni. Ine ndimaziona pompano tsiku ndi tsiku."

Ali pakati polankhula anatembenuka mwadzidzidzi nakalipira kamnyamata kamene kanaima moyandikira ndowa yathu: "Iwe, choka apo! Ndakuona!" Kamnyamatako kanasowa m'chigulu. Kenaka anaitana mwana wake amene ankagulitsa madzi a m'majumbo, namuuza kuti asenze thumba lathu mpaka pa minibasi ndipo aonetsetse kuti agogo akhala kutsogolo. Amalume anafuna kudziwa kwawo ndi mfunda wawo kuti athokoze bwino. Mayiyo anati, "Kwathu ndi ku Ntcheu, pitani bwino," maso ali kale pa kasitomala wina.

Zimene ananena mayiyo zinandichotsa mkwiyo. Bambo wa tayi uja sanaone a Mbewe, mwini mbumba wa kwa Mlonyeni. Anaona munthu wosamudziwa akumuimika mu depoti ndi mawu okoma, ndipo mzinda unamuphunzitsa kale kuti mawu okoma a munthu wosamudziwa amatha ndi kulira. Akathyali anatenga ulemu wathu womwewu n'kuusandutsa nyambo. Amene analumidwapo kamodzi, kapena amene mnzake analumidwa, amatseka pakamwa ndi m'thumba nthawi imodzi. Amene amavutika nazo ndi mlendo wosalakwa.

Tisanakwere tinalowa m'kalesitilanti ka pafupi kuti amalume alawe kanthu. Nsima inabwera mitanda iwiri, kanyama kamodzi ndi masamba pang'ono, pa mtengo umene kwathu ukanadyetsa banja. Pa benchi lomwelo panakhala mnyamata wina amene ankadikira chakudya chake. Amalume atasamba m'manja anamukankhira mbale: "Tiyeni tidye, achimwene." Mnyamatayo anadzidzimuka, naseka mwamanyazi, nati zake zikubwera. Kutuluka apo amalume anafuna kutaya madzi, ndipo pakhomo pa chimbudzi panali munthu wotolera ndalama. Madzi akumwa tinagula. Anyamata ena anatiuza kuti ngakhale timilatho tamitengo towolokera ku msika wa Tsoka timalipiritsa.

Apa ndi pamene pagona chifukwa china. Kwathu munthu wodutsa nthawi ya nkhomaliro amauzidwa kuti asambe m'manja, chifukwa ufa unachokera m'munda, ndiwo zili kudimba, nkhuni kuthengo, madzi pa mjigo. Kuonjezera mtanda umodzi sikugwetsa banja. Mumzinda chilichonse cholowa mumphika chadutsa pa ndalama. Alipo ambiri amene amagula ufa wa tsiku limodzi m'kajumbo kamene amakatcha wokumani, makala a kamulu kamodzi, mafuta ophikira oyeza ndi kabotolo, madzi a pa kiyosiki olipira pa ndowa. Mwezi ukatha alandilodi ali pakhomo. Munthu wotere mlendo akamufikira mosayembekezera, mtima umafuna kumulandira koma mutu uli pa masamu. Nthawi nayo ndi ndalama. Mayi wa nthochi akanati achite malonje ndi amalume monga mwa mwambo, makasitomala asanu akanapita kwa mnzake wa pambali, ndipo ana ake akanagona ndi njala chifukwa cha ulemu.

Palinso kuchuluka kwa anthu. Kuchoka pakhomo pathu kukafika pa kabaza tinapatsa moni aliyense chifukwa anali owerengeka. Mu depoti, anthu amene amakudutsa pa mphindi zochepa ndi ochuluka kuposa mudzi wathu wonse. Katswiri wina wa za maganizo a anthu ku America, Stanley Milgram, analemba mu 1970 kuti munthu wa mumzinda amakumana ndi nkhope, phokoso ndi zopempha zochuluka kuposa zimene mutu ungasenze, ndiye amaphunzira kusankha: amafupikitsa nthawi yocheza ndi aliyense, ndipo zambiri amangozidutsa ngati sanazione. Kutereku ndi kudziteteza kuti afike madzulo mutu uli bwino.

Koma kusapereka moni ndi kusathandiza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mu 2001 katswiri wina, Robert Levine, pamodzi ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'mizinda ikuluikulu ya maiko 23. Ankayesa zinthu zitatu: munthu kugwetsa cholembera ngati sanaone, munthu wovulala mwendo kugwetsa magazini n'kumalephera kutola, ndi munthu wosaona kuima pamsewu kufuna kuwoloka. Ankawerenga kuti odutsa angati athandiza. Rio de Janeiro ya ku Brazil inali yoyamba, San José ya ku Costa Rica yachiwiri, ndipo yachitatu inali Lilongwe, kumene anthu anathandiza maulendo 86 pa 100 alionse. New York inali yachiwiri kuchokera kumapeto, Kuala Lumpur ndiyo inatsekera. Mzinda wakula kwambiri chichitikireni kafukufukuyo, koma mayi wa ku Ntcheu uja ndi mboni yakuti mtima umenewo sunafe.

Minibasi ya ku Area 23 inadzera ku Kawale ndi ku Chilinde, anayianayi pampando. Mlongo wanga tinamupeza akutidikira pa siteji, foni itathima chifukwa magetsi kunalibe chiyambire m'mawa. Anagwada pafumbi pomwepo kulonjera amalume, anthu akumulambalala.

Amakhala mumpanda wa nyumba za mdadada, zitseko zisanu ndi chimodzi, mpopi umodzi, bafa imodzi. Amalume atapuma anafunsa kuti anansi ndi ndani. Mlongo wanga anawerenga: khomo loyamba ndi amake Junior a ku Rumphi, lachiwiri ndi mnyamata wa kabaza wa ku Nsanje, lachitatu ndi banja lachisilamu la ku Mangochi, lakumapeto ndi bambo wina amene amalondera usiku, dzina lake sankalidziwa ngakhale akhala limodzi chaka chathunthu. Amalume anagwira pakamwa. Madzulo anatulutsa mpando panja nakhala, kudikira kuti eni mpanda abwere kudzachita malonje monga zikhalira kukabwera munthu wamkulu. Anthu ankalowa pageti mmodzimmodzi, otopa, tijumbo m'manja. Ena anati "Mwaswera, agogo," ena anangowerama pang'ono, aliyense n'kulowa m'nyumba mwake n'kutseka.

Usiku umenewo amalume anamufunsa mlongo wanga kuti amakhala bwanji pakati pa anthu otere. Yankho lake sindinaliyembekezere.

"Amalume, ine kuno ndimapuma. Kumudzi ndikagula nsalu yatsopano, pofika madzulo mudzi wonse ukufunsa kuti ndalama ndazitenga kuti. Zaka zonsezi ndisanakwatiwe, kuno palibe anandiwerengera zaka. Chitseko chotseka sikuti ndi udani. Munthu akukusiya kuti ukhale moyo wako."

Ndinaona kuti akunena zoona zimene ife a kumudzi sitikonda kuvomera. Moni wathu wautali uja ndi chikondi, komanso ndi diso. Amene amadziwa za mwendo wako amadziwanso za ngongole zako ndi za mkangano wa m'nyumba mwako. Ena mwa amene anapita kumzinda anathawa umphawi, ena anathawa maso.

Kutacha, tsiku lokonzekera chinkhoswe, mpanda uja unasanduka wina. Amake Junior anatulutsa mbaula ziwiri ndi mapoto awo aakulu osapemphedwa, ndipo anasamutsira ana awo kwa mnzawo kuti alendo a ku Mulanje apeze pogona. Mnyamata wa ku Nsanje anazungulira ndi njinga yake kutuuta mipando ya kutchalitchi, nakana ndalama ya mafuta. Mayi wa ku Mangochi anakhala pansi kusankha mpunga ndi amayi a banki m'khonde ya mlongo wanga, amene anabwera atavala nsalu zofanana, aliyense ndi kandalama kake kolemba m'kope. Bambo wolondera usiku uja, atangofika kuchokera kuntchito, anavula yunifolomu nayamba kuwaza nkhuni asanagone. Pamenepo ndi pamene amalume anamufunsa mfunda wake. Anali Mbewe, wa ku Kasungu. Anagwirana chanza nthawi yaitali.

Mlongo wanga anatiuza kuti pa maliro zimakhalanso chimodzimodzi. Amfumu a m'deralo amalengeza, anyamata amaika masamba pamsewu, mbale ya chipepeso imayenda khomo ndi khomo, ndipo anthu amene sanalankhulanepo amachezera limodzi usiku wonse, n'kusonkherana ya galimoto yonyamula thupi kupita kwawo kwa malemu. Mumzinda mudzi ulipo, koma munthu amachita kudzimangira yekha: kumpingo, kumphakati, kwa amayi a chigwirizano, kumsika pakati pa ogulitsa anzake, mumpanda wa lendi. Mlendo wongotsika basi sauona chifukwa suli pamsewu.

Chinkhoswe chinayenda bwino. Msoti wathu unapita ku Mulanje, tambala wawo anabwera kwathu, akuchimuna analandira khasu ndi nkhwangwa, mlongo wanga lichero, mthiko ndi chipande, ndipo perekaniperekani anafika mpaka dzuwa kupendeka. Madzulo ake amalume anakhala pansi ndi nkhoswe ya akuchimuna, bambo wachikulire wa ku Mulanje, nawafotokozera zimene zinawachitikira mu depoti. Bamboyo anamvetsera, kenaka anati mantha sasankha tauni kapena mudzi. Anakumbutsa za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, midzi n'kuyamba kutseka misewu usiku, ndipo anthu angapo anaphedwa pongowaganizira, ena mwa iwo chifukwa chongokhala achilendo pamalopo. Midzi yomweyo imene imayalira mlendo mphasa inamutembenukira itagwidwa ndi mantha.

Amalume anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "N'chimodzimodzi nkhokwe. Kale chimanga chinkakhala pabwalo, aliyense akuchiona. Lero kwathu komwe tikuchisunga m'matumba kuchipinda chifukwa cha akuba. Wodutsa akhoza kunena kuti pakhomo pano palibe chakudya, chikhalirecho chilipo, changolowa m'nyumba."

Sindikunena kuti onse a mumzinda ndi abwino obisika. Alipo amene amanyoza munthu chifukwa cha nsapato zake zafumbi ndi kalankhulidwe ka kumudzi. Alipo a m'maofesi amene amayankha munthu wamkulu ngati mwana, ndi makondakitala amene amakweza mtengo akaona kuti wokwerayo njira saidziwa. Amenewo ndi amwano basi, ndipo kuchuluka kwa anthu kapena kukwera kwa lendi sikungawaikire kumbuyo. Koma anthu ambiri amene amakudutsa osayankha ndi ana a m'midzi yathu yomweyi, otopa, ochedwa kuntchito, owerengera kandalama kochepa ndiponso ochenjezedwa ndi zimene anaona. Akapita kwawo pa Khirisimasi ndi omwewo amagwada polonjera azakhali awo.

Pobwerera, mu depoti muja amalume anaima pamaso pa mnyamata wina nati, "Achimwene, za ku Mchinji?" Mnyamatayo analoza ndi dzanja, natinso tisakwere yoyambayo chifukwa ichedwa kudzaza. Tinadutsanso Njewa, Chitedze, Mpingu ndi Msundwe, ndipo titawoloka Namitete nkhani m'galimoto zinayambiranso zokha.

Kwa inu a kwathu amene mukukonzekera ulendo wa kumzinda, musapite ndi mtima woti mukakumana ndi adani. Funsani mwachidule, funsani munthu amene wakhala pamalo ake monga wogulitsa kapena mlonda, ndipo wina akakudutsani osayankha musadziyese onyozeka. Ndipo inu abale athu a ku Kawale, ku Chinsapo, ku Area 25 ndi kwina konse, chenjerani ndi akathyali monga mwazolowera, koma munthu wamkulu akakuvulirani chipewa pamsewu, gwirani thumba lanu ndi dzanja limodzi ngati mukuopa, n'kumuyankha. Kumuuza kuti "Taswera, agogo, mukufuna kuti?" sikungakuchedwetseni kuntchito, ndipo amene waima pamaso panuyo akhoza kukhala malume wa mnzanu wa mumpanda.